Phazi Lamanja la Aphunzitsi a Kachigamba

Avomera! Anzanga inu, avomera! Mawa Lachinayi Loyera, pa Misa ya madzulo, Aphunzitsi a Kachigamba adzakhala pa benchi la anthu khumi ndi awiri osambitsidwa mapazi aja, ndipo bambo mfumu akadzagwada patsogolo pawo, iwo adzavula nsapato yakumanja. Eya, yakumanja yomweyo! Ndathamanga kuchokera kokonzekera nyimbo, mpweya ukundiperewera, koma ndati ndilembe msanga ndisanaiwale mawu ngakhale amodzi, poti enanu munabalalika tsiku lotsekera sukulu musanamve kanthu. Nkhaniyi atiuza okha eniake lero, ife tili kukamwa yasa. Imvani mmene zinayendera.

Kwa amene simukuwadziwa bwino, a Kachigamba ndi aja amatiphunzitsa masamu ku Folomu 2, omwenso atsogolera kwaya ya patchalitchi pathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka chatha mu Juni anaponda msomali kuseri kwa khola la nkhuku. Kachilonda kake kanali kosaoneka n'komwe. Koma iwo ali ndi matenda a shuga, ndipo chilondacho m'malo mopola chinayamba kudya. Kuchipatala anadula zala ziwiri. Patapita milungu isanu anadula zina ziwiri. Ulendo wachitatu anadula phazi mpaka pakati. Chilonda chinapola ndithu, koma munthu anabwerako wina. Kusukulu anayambiranso mu Januwale, nsapato zopolishidwa ngati kale, yakumanjayo atatsenderamo nsanza kutsogolo kuti izioneka yodzaza. Kutchalitchi ndiye sanapondekonso.

Tsono Lamulungu lapitali, la Kanjedza, akatekisiti powerenga mayina a anthu khumi ndi awiri aja, dzina lachisanu ndi chinayi linali lawo. Akazi a Aphunzitsiwo anafika nawo uthengawo kunyumba ngati afumbata khala la moto.

Lolemba masana a Kachigamba anatenga ndodo yawo nauyamba ulendo wa kwa akatekisiti, a Fabiano Chingwalu. Kale mtunda umenewo ankaumaliza ndi nyimbo ziwiri. Tsikulo anapuma kanayi: pa mjigo, pa chigayo, pansi pa mtengo wa mango, ndi pa kamlatho ka matabwa. Anali atatopa, osati ndi njira yokhayo ayi. Anatopa ndi mapilitsi a m'mawa ndi madzulo, tiyi wopanda shuga, kuyabwa kwa zala zimene kulibe. Anatopanso ndi odzazonda, poti aliyense ankabwera ndi chifukwa chake. Wina ankati analodzedwa ndi mnzawo wofuna udindo. Wina ankati pali tchimo limene sanaulule. Pa kamlatho paja anakonza mawu oti akanene, nawabwereza katatu chamumtima, monga amachitira pokonzekera kalasi.

Anawapeza akatekisiti pakhonde, akukwecha beseni lachitsulo ndi phulusa ndi chitsononkho. A Chingwalu ndi nkhalamba yoonda, ya malaya a zigamba m'zigongono. Ali mnyamata anaphunzira ku seminale, Chilatini amachidziwa, ndipo ngakhale ansembe achinyamata amabwera kudzawafunsa zinthu. Koma mukawaona koyamba mungati ndi mlonda wa patchalitchi. Pambali pawo, pa mphasa, anatsamira thumba la chimanga akazi awo, Mayi Rozina, amene anafa ziwalo mbali imodzi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

"Odi kuno!"

"Odini, odini. Aa, Aphunzitsi! Dzuwa lonseli mwayenda pansi? Fikani, khalani apa."

Mpando panyumbapo ndi umodzi, ndipo akatekisiti anaupukuta ndi dzanja nawapatsa alendowo, iwo n'kukhala pa njerwa. Analonjerana mwaulemu, za kunyumba, za mvula imene ikutha, za chimanga. Mayi Rozina amayankhula pang'onopang'ono, mawu amatuluka mbali imodzi ya kamwa, koma maso awo saphonya kanthu.

"Nsapato zikuwalabe, Aphunzitsi," anatero. "Munthu n'kumeterapo ndevu."

A Kachigamba anamwetulira pang'ono chifukwa cha ulemu, nabweza mwendo wamanja kunsi kwa mpando.

"Akatekisiti, sindichedwa," anayamba. "Ndabwera kudzapempha kuti dzina langa mulifufute pa mndandanda uja. Ndiponso ndikufuna ndidziwe amene analilembetsa."

"Analitchula ndi ine. A mphakati wanu anangovomereza."

"Inu?"

"Ine amene."

Mawu onse okonzedwa pa kamlatho aja anali oti akadzudzule munthu wina. Tsopano anasowa pogwira.

"Mukudziwa zimene zili mu nsapato iyi?"

"Ndinamva. Sindinaone."

"Palibe anaona, kupatula adokotala ndi mayi a kunyumba. Ndiye mukufuna ndikavule pamaso pa tchalitchi chodzaza? Theka la anthu a mmenemuja anadutsa m'manja mwanga ndikuphunzitsa ku pulayimale. Lolemba lililonse ndinkawaimika pamzere n'kumayendera mapazi awo, wosasamba n'kumubweza ku mjigo. Lero ndi azibambo ndi azimayi a ana awo. Akhale pamenepo akuonerera? Kapena mwachita ndi chifundo? Ngati n'chifundo, pepani, ndakhuta nacho."

Akatekisiti anaika chitsononkho pansi napukuta manja pa buluku.

"Ndipo musandiuze za Petulo amene anakana kusambitsidwa," anapitiriza a Kachigamba. "Nkhaniyo ndikuidziwa, nyimbo yake ndimaphunzitsa ndine. Petulo anali ndi zala zonse khumi."

Akatekisiti anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Zoonadi, anali nazo zonse. Za Petulo sindikuuzani."

Kusekako kunawafooketsa a Kachigamba. Anabwera okonzeka kukangana, koma wokangana naye panalibe. Anayang'ana nkhuku imene inkatola phulusa pafupi ndi beseni, ndipo poyankhulanso mawu awo anali otsika, a munthu amene wasenza katundu mtunda wautali.

"Ndikufunseni chimodzi, Akatekisiti, poti inu munawerenga mabuku amene ife sitinawaone. Ndinalakwa chiyani? Mowa sindimwa. Mkazi ndi mmodzi yemweyo. Maliro alionse a mpingo uno ndinaimba, mvula kapena dzuwa. Asanandidule kachitatu ndinapemphera kolona mpaka pakamwa kuuma. Ndinati, Ambuye, zinayi mwatenga, ndisiyireni chachikulu chokhachi, ndiziima nacho pamaso pa kwaya yanu. Chala chimodzi. Kodi ndinapempha chinthu chachikulu?"

"Sindikudziwa, Aphunzitsi."

"Simukudziwa?"

"Sindikudziwa. Ndikati ndikudziwa ndikhala ndikukunamizani, ndipo okunamizani ndikhulupirira akwana kale. Funso limenelo inenso ndinalifunsa, pakhonde pomwe pano, amayiwa atagwa. Yankho silinafikebe. Chimene chimafika m'mawa uliwonse ndi dzuwa, ndi amayiwa akufuna kusamba."

"Auzeni za khoma," anatero Mayi Rozina.

"Ndinene ine, kapena munena nokha?"

"Yambani inu. Mukanama ndikudulani."

Akatekisiti anatembenukira kwa mlendo wawo.

"Amayiwa mukuwakumbuka mmene analili. Nsalu za paguwa ankachapa ndi iwo. Mayi aliyense wodwalika m'mudzi muno ankamusambitsa ndi iwo, akamwalira okonza thupi ndi iwo omwe. Atagwa, azichemwali awo anabwera kudzawasamalira miyezi itatu. Mvula itayamba anabwerera kuminda yawo, ndipo sindiwaimba mlandu. Mwana wathu wamkazi anakwatiwa kutali. Ndinatsala ine. Mukudziwa kuti kuno kwathu imeneyo si ntchito ya mwamuna. Pamjigo ankandiseka ndikamatunga madzi, ati akatekisiti anadyetsedwa. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka n'chakuti amayiwa, ndikangolowa ndi madzi, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Osayankhula. Ndinkawasambitsa misozi ikutsika, koma misozi ya mkwiyo. Miyezi isanu ndi umodzi."

"Chaka," anatero Mayi Rozina.

"Chaka, eti. Mwaona, ndadulidwa kale."

"Ndinkati bola kufa," anatero mayiwo, akulimbana ndi liwu lililonse. "Ine wosambitsa anthu, lero kundinyamula ngati khanda? Ndinkapempha Mulungu anditenge ndisanazolowere."

A Kachigamba anapezeka atasendeza mpando kufupi ndi mphasa osadziwa.

"Ndiye chinasintha n'chiyani, mayi? Munalota? Kunabwera wansembe?"

"Ndinatopa."

"Basi?"

"Basi. Kunyada kumatopetsa, Aphunzitsi, kuposa matendawa. Tsiku lina ndinangoti, abambo, kumsanaku simunakwecheko."

Akatekisiti anapukusa mutu akumwetulira.

"Mawu oyamba m'chaka chathunthu, n'kukhala odandaula za ntchito yanga! Koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti pa awirife wosenza cholemera si ine. Wosambitsa mnzake amatuluka ndi ulemu wake, anthu mpaka amamutama. Wotambasula mwendo kuti wina asambitse satsala ndi kalikonse m'manja. Ine za kudzichepetsa ndinkaphunzitsa zaka zambiri, ndi Chilatini chomwe. Ndinadzaziona ndi maso pa mphasa iyi."

Kutali chigayo chinkalira. A Kachigamba ankamva phazi lodulidwalo likugunda mu nsapato, monga limachitira akayenda kwambiri. Sanafune kugonja, komanso mphamvu zokanira zinali zitawathera. Ndiye, poti ndi munthu wa masamu, anayamba kufunafuna njira yachidule, ndipo anaipeza.

"Chabwino, Akatekisiti. Tikumane pakati. Pa benchipo ndikhala. Koma ndidzapereka phazi lamanzere. Lili bwinobwino, zala zonse zisanu. Ndikudziwa kuti mwambo wake timapereka lamanja, koma bambo mfumu ndi achilendo, sangafunse. Anthu aziti aphunzitsi asokoneza chabe."

"Palibe lamulo loletsa," anatero akatekisiti. "Mukapereka lamanzere ine ndidzathira madzi, bambo mfumu adzapukuta, ndipo palibe adzakufunseni kanthu. Inenso sindidzakufunsani."

A Kachigamba anapuma mpweya wautali. Anathokoza, natambasula dzanja kuti atenge ndodo.

"Koma musananyamuke, tagwirani beseni ili."

Analilandira modabwa. Linali lopepuka, lakale, lophwanyika pang'ono m'mphepete.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikunyamula beseni limeneli pambuyo pa ansembe, Lachinayi Loyera lililonse. Inu munakhalapo kale pa benchi lija, si choncho?"

"Kamodzi. Papita zaka khumi."

"Masana a tsiku limenelo munatani?"

A Kachigamba anachita manyazi pang'ono, koma anayankha.

"Zimene aliyense amachita. Ndinaviika mapazi m'madzi ofunda, ndinakwecha ndi mwala mpaka zidendene kufiira. Ndinawenga zikhadabo ndi lezala. Ndinadzola mafuta, n'kuvala masokosi atsopano."

"Aliyense amaterodi. Ena amachita kubwera pa njinga, kuopa fumbi. Ndiye Misa ikatha ine ndimakataya madzi aja kuseri kwa tchalitchi. Mapazi khumi ndi awiri, Aphunzitsi, koma madzi oyera mbee, oti n'kuphikira tiyi. Chaka chilichonse ndimaima pamenepo n'kumawamvera chisoni Ambuye Yezu. Amamanga thaulo m'chiuno, n'kugwada pansi, n'kupeza ntchito tagwira kale tokha. Timawabweretsera zimene takonza bwino, zoti atiyamikire nazo. Zowawa timabwerera nazo kunyumba osazivundukula."

A Kachigamba ankangoyang'ana m'beseni lopanda madzilo.

"Ndikufunseni inenso chimodzi, ndipo mukafuna musayankhe. Phazi lamanjalo amalisambitsa ndani?"

"Mayi a kunyumba."

"Iwo akamasambitsa, inu mumayang'ana kuti?"

A Kachigamba anayang'ana kwa Mayi Rozina, mayiwo n'kuwayang'ananso osaphethira, ndipo anaona kuti pakhonde pamenepo kunama n'kungotaya nthawi.

"Kudenga," anatero motsitsa mawu. "Chichokereni kuchipatala sindinaliyang'anepo. Sokosi ndimavala nditatsinzina."

Akatekisiti anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nalandira beseni lawo.

"Ndiye lamanzerelo lisiyeni mu nsapato, Aphunzitsi. Limenelo mumalitha nokha. Chifukwa chimene anakudulirani sindikuchidziwa, ndipo sindikulonjezani kuti Lachinayi adzakuuzani. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo Ambuye amatsika mpaka pansi penipeni, pamene inu mukulephera kuyang'anapo. Apatseni limenelo. Mukafuna dzatsinzineni. Oliyang'ana alipo."

Anzanga, imvani zimene anachita a Kachigamba! Anangotsanzika, n'kutenga ndodo, n'kubwerera, kupumanso kanayi konse m'njira. Lachiwiri lonse anakhala phee pakhomo pawo, osauza ngakhale akazi awo zimene anakamba.

Ndiye lero Lachitatu, ife tikulimbana ndi nyimbo ya mawa, aliyense akukokera kwake, tinangomva ndodo gogogo pasimenti. Kutembenuka, ndi iwo! Thukuta lili kamukamu, nkhope yotopa, koma ndi iwo, m'tchalitchi mwenimweni! Anakhala pa mpando wa woimba limba n'kutifotokozera zonsezi, kuyambira pa kamlatho mpaka pa beseni. Pomaliza anati, "Ana inu, funso langa silinayankhidwe, ndipo mantha ndili nawobe. Koma mawa ndivula yakumanja. Amene akufuna kuseka asekeretu lero." Palibe anaseka. Ena a ife tinkangopukuta m'maso ndi makolala a malaya. Kenaka anagogoda ndodo pansi n'kunena kuti, "Tsono nyimbo mukuimbayi, ndi ya Lachinayi Loyera kapena mukuingitsa mbuzi m'munda? Tiyambirenso!" Tabwereza kasanu ndi kawiri, mawu mpaka kusasa, ndipo sindinasangalalepo chonchi pokalipiridwa.

Choncho mawa bwerani nonse, ngakhale inu a mipingo ina, palibe adzakubwezeni pakhomo. Misa iyamba faifi koloko, koma fikani isanakwane folo chifukwa mabenchi amadzaza msanga. Khalani mbali ya kwaya, ndi pamene pamaoneka bwino. Koma chonde, nthawi ikadzakwana pasadzapezeke wosuzumira kapena wonong'ona. Tidzangoimba mwamphamvu, kuti adzadziwe kuti tilipo. Uzani ndi anzathu a kutsidya kwa mtsinje. Mawa, anzanga, dzaoneni nokha!